Masiku a Pakati: Podikira Zotsatira za Chotupa cha M'bere

Inu amayi ndi abambo a ku Katondo kuno ku Kabwe, pamodzi ndi anansi athu a ku Bwacha, Chowa, Makululu, Kasanda ndi Ngungu, mvetserani. Amene muli pa mbaula, sonkhezerani makala koma khutu likhale kuno. Amene muli mu minibasi, pemphani adalaivala akweze wailesi pang'ono.

Mwezi wa October ukafika timamva zambiri za khansa ya m'mawere. Timauzidwa kudzifufuza tokha, kupita msanga kuchipatala, ndipo timaona maliboni apinki pachifuwa pa anthu. Timamvanso maumboni a amene anadwala n'kuchira. Koma pali masiku ena amene sakambidwakambidwa. Ndikunena masiku a pakati pa tsiku limene mayi wapeza kachotupa m'bere ndi tsiku limene adokotala amuuza kuti kachotupako n'chiyani. Akhoza kukhala masiku ochepa, akhoza kukhala masabata. Pa nthawi imeneyi munthu sanganene kuti akudwala, komanso sanganene kuti ali bwino. Mankhwala palibe, yankho palibe, chimene chilipo ndi nkhawa basi. Nkhani yathu lero ndi ya masiku amenewa.

Mayi wotere masana amalimba mtima. Wapita kumsika, wagulitsa tomato wake, waseka ndi anzake, palibe amene wadziwa kanthu. Nkhondo imayamba usiku. Tambala asanalire iye maso ali gwa, dzanja lapitanso pabere kukafufuza ngati chakula. M'mutu akuwerenga ana: uyu ali giredi 7, uyu sanasiye kuyamwa, adzawalera ndani? Mtima ukugunda, kukamwa kwauma, nsima ya madzulo inakanika kutsika. M'mawa mwana akangogwetsa kapu, amulalatira ngati waswa nyumba, kenako iye mwini n'kukalira kubafa.

Ngati ndinu ameneyu, amayi, mvetserani. Simunapenge, ndipo chikhulupiriro chanu sichinachepe. Thupi la munthu likamva kuti pali choopsa limatulutsa timadzi tofulumizitsa mtima ndi mpweya, kuti munthuyo athawe kapena amenye nkhondo. Vuto apa n'lakuti palibe kothawira ndipo mdani sanaoneke. Nkhawa ili ngati galu wa pakhomo: amauwa wakuba, amauwanso tsamba likagwera pamalata. Galuyo sitimupha, poti ndi yemweyo amene anakudzutsani kuti mupite kukiliniki. Timangofuna kuti asauwe usiku wonse.

Tiyambe ndi zimene zili zoona, chifukwa nkhawa imanenepa ndi mphekesera.

Zotupa zambiri za m'mawere si khansa. Atsikana ndi amayi achichepere kawirikawiri amakhala ndi kachotupa kosalala, kothawathawa ukakagwira, kamene achipatala amakatcha fibroadenoma. Ena amakhala ndi timatumba ta madzi m'bere. Oyamwitsa amatupa bere chifukwa cha mkaka wotsekeka kapena chithupsa. Ena mawere amalimba ndi kuwawa akayandikira kusamba, n'kuphwa okha pambuyo pake. Choncho anesi akakulemberani kalata yoti mupite ku chipatala chachikulu, sikuti akuweruzani. Akufuna kutsimikiza.

Komabe tisanamizane. Palibe zala za munthu, ngakhale za dokotala, zimene zingatsimikize kuti ichi ndi khansa kapena ayi. Ndipo mawu aja akuti "poti sichikuwawa ndiye kuti n'chabwinobwino" apweteketsa ambiri, chifukwa khansa ya m'bere nthawi zambiri imayamba osawawa. N'chifukwa chake achipatala amayenda masitepe atatu. Poyamba amakupimani ndi manja, bere ndi m'khwapa momwe. Kachiwiri amajambula m'kati mwa bere, mwina ndi sikani, makamaka kwa achichepere, mwina ndi makina otchedwa mammogram, makamaka kwa amene zaka zapitako. Kachitatu, ngati pakufunika, amatengako kanyama kakang'ono kuti akakaunike. Uku ndiye kumene amati biopsy.

Ambiri amaopa biopsy kuposa china chilichonse, ndiye ndikufotokozereni mmene imachitikira kawirikawiri. Mumagona chagada, dzanja mwaika pamwamba pa mutu. Amapukuta khungu ndi mankhwala ozizira, n'kubaya jakisoni wochititsa dzanzi. Amene amaluma ndi jakisoniyo, kwa kanthawi kochepa. Kenako amalowetsa singano yokulirapo, mumamva kukankha ndi kaphokoso kakuti "tha", n'kubwereza kangapo. Timinofu timene amatenga ndi tating'ono, amatiika m'kabotolo ka mankhwala, n'kulembapo dzina lanu ndi nambala. Amamata pulasitala, mumadzuka n'kumapita kwanu. Pamalopo pamatha kuda ndi kuwawa masiku angapo. Mukaona mafinya, magazi osaleka kapena thupi kutentha, bwererani msanga.

Pali mawu ofala m'makomboni athu akuti chotupa chikakhudzidwa ndi chitsulo chimakwiya n'kufalikira thupi lonse. Si zoona. Chimene chimachitika n'chakuti ena amafika kuchipatala matenda atafalikira kale, ndiye akamwalira pakapita miyezi anthu amati ndi singano ija. Singano sinapalamule. Chinapalamula ndi kuchedwa.

Nanga zotsatira zimachedweranji? Kanyama kaja sakakaona tsiku lomwelo ngati magazi a malungo. Kamayamba kakhala m'mankhwala kuti kalimbe, kenako amakakuta ndi phula, n'kukadula tizidutswa topyapyala kwambiri, n'kutipaka utoto, ndipo pamenepo m'pamene dokotala wodziwa kuwerenga minofu amakaunika ndi makina okuza zinthu. Madokotala a ntchito imeneyi ndi ochepa m'dziko muno, ndipo timabotolo tochokera m'zipatala zambiri timakadikira pa mzere umodzi. Choncho kuchedwa kwa zotsatira sikutanthauza kuti nkhani ndi yoipa, monganso kufulumira kwake sikutanthauza kuti ndi yabwino. Musamawerenge nkhope ya nesi, musamamasulire kukhala chete kwa foni.

Tsopano ndifike pa chimene ndabwerera lero. Nkhawa payokha siikupha. Choopsa n'chakuti nkhawa ikhoza kukuletsani kubwerera kukatenga zotsatira. Mayi amati, "Bola ndisadziwe, ndingofa nazo." Tsiku lopita lifika, iye n'kupeza chifukwa: ndalama ya basi palibe, kuli maliro, ndipita sabata ya mawa. Sabata ya mawa isanduka Khrisimasi. Akulu anati zengerezu analinda kwawukwawu.

Izi si zongoganizira. Kuyambira mu 2014 mpaka 2017, ofufuza otsogoleredwa ndi bungwe la IARC, limene ndi nthambi ya World Health Organization yoona za khansa, analemba amayi oposa 2,000 opezeka ndi khansa ya m'mawere m'maiko asanu: Namibia, Nigeria, South Africa, Uganda ndi Zambia. Kafukufukuyu amatchedwa ABC-DO, ndipo kuno kwathu ena mwa amayiwo analembedwa pa Kabwe General Hospital pompano. Atawatsatira kwa zaka zingapo, zotsatira zimene zinatuluka mu 2020 zinaonetsa kuti chimodzi mwa zinthu zazikulu zimene zinasiyanitsa okhala ndi moyo ndi omwalira chinali msinkhu wa matenda pa tsiku limene anapezeka. Opezeka msanga anali ndi mwayi waukulu. Choncho amayi aja amene munawaona akuvutika, amene nkhope zawo zimakubwererani usiku, ambiri a iwo anafika mochedwa. Inu mwapita kale kukapimitsa. Musatenge nkhani yawo kuisandutsa yanu.

World Health Organization, pa ndondomeko imene inakhazikitsa mu 2021, inaika cholinga chakuti kuchokera tsiku limene mayi waonekera kuchipatala koyamba ndi vuto la bere, kupima konse, kujambula ndi biopsy zikhale zitatha pasanadutse masiku 60. Sungani nambala imeneyi. Ikupatseni mphamvu yofunsa. Kufunsa si mwano.

Ndiye musanatuluke m'chipinda cha adokotala, funsani zinthu izi, ndipo mulembe m'kabuku kapena muuze amene wakuperekezani alembe. Zotsatira zidzatuluka liti? Ndidzazitengera kuti, chipinda chiti, kwa yani? Mudzandiimbira foni kapena ndibwere ndekha? Tsikulo likadutsa osamva kanthu ndichite chiyani? Nambala ya kabotolo kanga ndi iti? Onetsetsani kuti nambala ya foni imene mwasiya ndi yogwira ntchito, ndipo siyaninso ya munthu wina wachiwiri. Ngati muli ndi khadi la NHIMA, funsani kuti likulipirira ziti. Safunsa anadya phula. Munthu amene akudziwa kuti Lachinayi lakutilakuti ndikapita kuchipinda chakuti amagona bwinoko kusiyana ndi amene anangouzidwa kuti "tidzakuitanani".

Nanga kunyumba, masiku amenewa muwadutse bwanji?

Choyamba, uzani munthu mmodzi kapena awiri. Osati mpingo wonse, osati gulu la pa WhatsApp, koma munthu wosunga pakamwa: achemwali anu, amayi anu, mnzanu wa pamtima, kaya amuna anu. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo muwauze chimene mukufuna kwa iwo: "Sindikufuna malangizo, ndikufuna mundiperekeze Lachinayi."

Chachiwiri, lekani kuchifinyafinya chotupacho. Kuchigwira kakhumi pa tsiku sikukuuzani kanthu, kungopweteka bere, ndiye inu n'kumati chakula.

Chachitatu, foni isamagone nanu. Usiku pakati munthu ukalemba "chotupa cha m'bere" pa intaneti, zimene zimabwera patsogolo ndi zithunzi zoopsa kwambiri, ndipo pa Facebook ndi TikTok pali ogulitsa mankhwala amene malonda awo ndi mantha anuwo. Funso likakubwererani usiku, lilembeni m'kabuku kaja, mukafunse achipatala.

Chachinayi, ipatseni nkhawa nthawi yake. Sankhani mphindi 15 masana, mwina mukatha kutsuka mbale, mukhale pansi, muganize zonse zimene zikukuopsani, mulire ngati misozi yabwera, mupemphere. Nthawi ikatha, dzukani mugwire china. Maganizowo akabweranso madzulo, muwauze kuti nthawi yawo ndi mawa. Poyamba sizimveka, koma mtima umaphunzira.

Chachisanu, mtima ukayamba kuthamanga, gwiritsani ntchito mpweya. Tiyeni tiyese limodzi pompano. Ikani dzanja pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 4, mimba ikwere. Tsopano utulutseni ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6. Bwerezani kangapo. Kutulutsa mpweya motalika kumathandiza mtima kutsika liwiro. Chotupa sichichoka ndi zimenezi, koma manja amaleka kunjenjemera, ndipo mutha kuganiza bwino.

Chachisanu ndi chimodzi, musaimitse moyo. Pitani kumsika, pitani kukwaya, pitani ku chilimba. Yendani pansi dzuwa likapepa. Idyani ngakhale pang'ono. Tiyi wamphamvu ndi khofi madzulo zimathawitsa tulo, ndipo mowa umagoneka nkhawa usiku n'kuidzutsa m'mawa itakula.

Ndipo musadziimbe mlandu. Ambiri amafufuza kuti ndinalakwa pati. Ena amati ndi ndalama kapena foni zimene ndinkasunga m'bra. Ena amati mwana anandimenya ndi mutu poyamwa. Ena amati ndi fumbi la ku mgodi, poti ife a ku Kabwe mtovu tikuudziwa, mgodi unatsekedwa mu 1994 koma dothi lake likadali nafe. Ena amaloza apongozi kapena mkazi mnzawo. Ndalama m'bra sizibweretsa khansa, kugundidwa sikubweretsa khansa, ndipo kuipa kwa mtovu kumene madokotala amakudziwa bwino ndi kwa ubongo wa ana, magazi ndi impso. Amayi ambiri opezeka ndi khansa ya m'bere palibe chinthu chimodzi chimene munthu angaloze kuti ndi ichi, kupatula kuti ndi akazi ndipo zaka zikupita. Mu 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi matendawa padziko lonse, olemera ndi osauka, opemphera ndi osapemphera. Onsewo sanalodzedwe.

Tsopano ndilankhule ndi inu amene mwazungulira mayi ameneyu.

Anansi, tikudziwa kuti mumabwera ndi mtima wabwino. Koma taonani zimene zimachitika. Mwalowa, mwakhala pa mpando, mwapatsidwa madzi, kenako mwayamba: "Iii, amake mwana, ndi mmene anayambira malemu achemwali anga. Anangowadula bere, miyezi itatu sinathe." Mwatsanzika, mwapita kukaphika, mnzanu mwamusiyira maliro m'mutu. Ngati nkhani imene muli nayo ikuthera kumanda, isiyeni pakhomo pamodzi ndi nsapato. Musanenenso kuti "si kanthu, osadandaula", chifukwa inu simukudziwa, ndipo iye akudziwa kuti simukudziwa. Nenani zimene mungakwanitse: "Ana ndiwatenga ndine kusukulu." "Lachinayi tipitira limodzi." "Ya basi nayi." Ndipo zimene wakuuzani zisafike pampopi.

Abambo, akazi anu ali ndi mantha awiri. Oyamba ndi a imfa. Achiwiri, amene sangakuuzeni, ndi akuti bere likachotsedwa mudzawasiya. Musadikire kuti afunse. Muwauze nokha ndi pakamwa panu kuti, "Amake mwana, zivute zitani tili limodzi." Khansa si yopatsirana, simungaitenge pogona nawo kapena kudyera mbale imodzi. Ndipo musawaletse kupimitsa poti mukuopa ndinu. Dziwaninso kuti amuna nawonso amadwala khansa ya m'bere, ngakhale ndi ochepa, choncho nanunso mukapeza chotupa pachifuwa musachite manyazi.

Ana aang'ono safunika kuuzidwa zonse, koma amaona. Ndi bwino kuwauza kuti amayi akupimidwa kuchipatala, ndipo akakwiya msanga si chifukwa cha iwo.

Abusa, ansembe, mashehe, amayi a chigwirizano ndi a m'miphakati, pemphero limakhazika mtima pansi, ndipo ambiri apirira masiku amenewa chifukwa cha inu. Pemphererani wodwala, kenako mumufunse kuti, "Tsiku lanu lobwerera kuchipatala ndi liti?" Amene akuuza mayi kuti wachira, asapitenso kukatenga zotsatira, akuika moyo wa munthu pachiswe. Chimodzimodzi mankhwala opaka kapena kutemera pa chotupa: amabweretsa zilonda ndipo amadya masabata amene sadzabwereranso.

Pali nthawi imene nkhawa imapitirira muyeso. Ngati masiku akutsatizana osagona, osadya, osatha kugwira ntchito, kapena mwayamba kuganiza zodzipha, musadikire tsiku la zotsatira. Pitani kukiliniki mukawauze anesi mmene mukumvera, pali aphungu a ntchito imeneyi. Mukhozanso kuimba nambala yaulere ya Lifeline Zambia, 933, mulankhule ndi munthu.

Tsiku la zotsatira likafika, pitani inu eni ndi mapazi anu, musatume munthu. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Koma musapite muli nokhanokha. Munthu akamva nkhani yaikulu makutu amatseka, ndiye pakhale wina womvera ndi kulemba. Ngati adokotala alankhula Chingerezi chakuya, apempheni abwereze m'chinenero chimene mukumva, kaya Chinyanja, Chibemba kapena Chilenje. Pemphaninso pepala la zotsatira mulisunge.

Akakuuzani kuti si khansa, thokozani, koma funsani ngati chotupacho chikufunika kuchotsedwa kapena kuonedwanso, ndipo mukadzaona kusintha kwina mudzabwerere. Akakuuzani kuti ndi khansa, lirani, palibe cholakwika. Koma dziwani kuti khansa ya m'bere ili m'gulu la makhansa amene amachizika bwino akapezeka msanga. Pali opaleshoni, pali mankhwala a m'mitsempha, pali mapiritsi, pali kuwotcha ndi makina, ndipo si aliyense amene amachotsedwa bere lonse. Ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 140 kuchokera kuno, kuli Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi UTH, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007 kuti chizithandiza matenda amenewa. Kulinso mabungwe monga Zambian Cancer Society, limene anayambitsa mayi Udie Soko, amene nawonso anadwalapo khansa. Amayi ambiri amene anadutsa njira imeneyi amanena kuti atadziwa chimene akulimbana nacho, mtima unakhazikika kusiyana ndi pamene ankadikira, chifukwa tsopano panali chochita.

Choncho wailesi ikatsekedwa, chitani izi lero lomwe. Tulutsani khadi lanu la kuchipatala muone tsiku limene analemba. Ngati tsikulo linadutsa, kaya ndi sabata yatha kaya ndi chaka chatha, mawa m'mawa pitani, palibe amene akakubwezeni. Ngati lili kutsogolo, sankhani wokuperekezani, muyambe kusunga ya basi. Ndipo ngati inu muli bwino koma mukudziwa mnzanu amene anasiya kabotolo kake kuchipatala osabwererako, mugogodereni madzulo ano mumuuze kuti mupitira limodzi.